Avebury, mudzi wa ku Wiltshire ku England womangidwa m'kati mwa bwalo la miyala: tikaone chiyani, tiyambire pati?

Nachisale: Moni nonse akuluakulu. Amayi a kutchalitchi akukonza ulendo wa tsiku limodzi ndipo ena akuti tisiye Stonehenge, bwalo lotchuka la miyala yakale, tipite ku Avebury. Odziwa tithandizeni: kuli chiyani kwenikweni, tifikeko bwanji, nanga okalamba angakwanitse kuyenda?

Anaphiri: Zikomo aNachisale. Mayendedwe ndi osavuta. Kuchokera ku London Paddington sitima imatenga pafupifupi ola limodzi kufika ku Swindon. Pamenepo mukwere basi nambala 49 yopita ku Devizes, imaima pakati penipeni pa mudzi, pafupi ndi bala yotchedwa Red Lion. Lamlungu mabasi amachepa, ndiye onani nthawi ya basi yomaliza musanayambe kuyendayenda. Ngati muli pa galimoto, musaimike mumsewu wa m'mudzi. Msewuwo ndi wopapatiza ndipo malo ochepa amene alipo ndi a eni mudzi. Malo oimikapo magalimoto a alendo ali kunja pang'ono, mbali ya msewu wa A4361, ndipo amene sali mamembala a National Trust kapena English Heritage, mabungwe osamalira malo akale, amalipira. Kuona miyala ndi kwaulere, palibe tikiti. Cholipira ndi nyumba yosungiramo zakale ndi nyumba yaikulu ya Avebury Manor.

Bambo Kamanga: Ndiwonjezere pa chimene mukachione, chifukwa ambiri amafika n'kumadabwa kuti bwalo lija lili kuti. Silioneka lonse pakamodzi ngati Stonehenge. Ndi lalikulu kwambiri moti gawo la mudzi, bala, tchalitchi chaching'ono ndi misewu zili m'kati mwake. Kunja kwenikweni kuli mtumbira waukulu wozungulira, m'kati mwa mtumbirawo muli chingalande, ndiyeno m'mphepete mwa chingalandecho ndi mmene munaimikidwa miyala. Kuzungulira konse ndi mtunda wopitirira kilomita imodzi, ndipo malo a m'kati ndi mahekitala pafupifupi 11. Ntchitoyi inagwiridwa pang'onopang'ono pakati pa 2850 BC ndi 2200 BC.

Taonani dongosololi: ngalande ili m'kati, mtumbira kunja. Anthu omanga linga lodzitetezera amachita mosemphana, ngalande kunja kuti mdani agweremo. Ndiye malo awa sanali a nkhondo. Anali a misonkhano kapena miyambo, ndipo amene anawamanga sanasiye cholembedwa chilichonse.

Ngalande imene mukaione lero yakwiririka kupitirira theka. Katswiri wofukula zakale Harold St George Gray atakumba pakati pa 1908 ndi 1922 anapeza kuti pansi pake penipeni panali mamita 9 kuchokera pamwamba, ndipo anapezamo nyanga za agwape zimene ankakumbira. Nthaka ya kumeneko ndi mwala woyera wa choko. Ankakhoma nsonga ya nyanga m'ming'alu ya choko, n'kutembenuza kuti chibenthu chithothoke, kenako n'kunyamula m'madengu. Kunalibe chitsulo, kunalibe wilibala. Nyanga zomwezo ndi zimene zimathandiza kudziwa zaka, chifukwa nyanga ndi chinthu chimene chinali chamoyo ndipo akatswiri amayeza kaboni wotsala m'kati mwake. Mwala wokha sungayezedwe motero.

Tadala: Nanga miyalayo anaitenga kuti bambo? Ndinamva kuti ya ku Stonehenge ina inachokera ku Wales.

Bambo Kamanga: Ya ku Avebury ndi ya konko. Dzina lake ndi sarsen, mchenga umene unagwirana n'kuuma kwambiri, ndipo imapezeka itangogona pamwamba pa nthaka ku zitunda za Marlborough Downs, makilomita ochepa chakum'mawa. Ukapita ku Fyfield Down kapena ku Lockeridge Dene ukaipeza mpaka lero ili mbwee m'udzu. Anthu a kumeneko amaitcha grey wethers poti ukaionera patali imakhala ngati nkhosa zogona. Kusiyana kwina ndi Stonehenge n'kwakuti ku Avebury sanaiseme, anaiimika monga anaipezera. Bwalo lakunja linali ndi miyala pafupifupi 100, ndipo m'kati munali mabwalo ena awiri ang'onoang'ono. Wa pachipata chakumpoto, wotchedwa Swindon Stone, ndi wa matani oposa 60 ndipo waima pansonga yake ngati daimondi.

Jere mmisiri: Akulu, musanawatengere kutali amayiwa, auzeni zoona zake: miyala yambiri imene akaione itaima inadzutsidwa m'ma 1930, ndipo inakhazikidwa mu konkire. Munthu akapanda kudziwa zimenezi amajambula chithunzi n'kumati waona zimene zakhala chiimire zaka 4,500.

Bambo Kamanga: Mwalasa achimwene, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse ya mudziwu. Miyala inawonongedwa kawiri, mwa njira ziwiri zosiyana.

Koyamba kunali cha m'ma 1300. Anthu a m'mudzi ankakumba dzenje m'mbali mwa mwala, lofanana ndi kukula kwake, n'kuugwetseramo, n'kukwirira. Ambiri amati chinali chifukwa chakuti tchalitchi chinkaiona ngati ya chikunja, ena amati ankangofuna malo olima. Koma kukwirirako ndi kumene kunaipulumutsa, chifukwa inakhala pansi yathunthu.

Kachiwiri kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1700, pamene anthu anafuna miyala yomangira. Sarsen ndi wolimba koopsa, nyundo yokha siingamuswe. Ndiye ankakumba dzenje, kugwetsera mwala pamwamba pake utatsamira pa timiyala kuti pansi pakhale mpata, n'kudzaza mapesi a tirigu ndi nkhuni, n'kuyatsa. Mwala ukatentha ankathira madzi ozizira motsata mzere umene akufuna kuti ung'ambike. Kunja kumafota mwadzidzidzi pamene m'kati mukadali motentha, basi mng'alu. Kenako nyundo zikuluzikulu. William Stukeley, amene ankabwera kudzajambula malowa cha m'ma 1719 mpaka 1724, anaona ndi maso ake zimenezi zikuchitika, ndipo zojambula zake ndi zimene zimatiuza pamene panali miyala yomwe kulibenso. Mwala waukulu wa pakati pa bwalo lakumwera, umene iye anautcha Obelisk, unali wa mamita oposa 6. Unaswedwa wonse.

Alexander Keiller, amene chuma chake chinachokera ku bizinesi ya banja yopanga jamu wa malalanje ku Dundee, anagula malowa n'kugwira ntchito kuyambira 1934 mpaka nkhondo itayamba mu 1939. Njira yake inali iyi: kuchotsa dothi lapamwamba mpaka choko choyera chioneke. Pamene panakumbidwapo kale dzenje pamaoneka bwino, chifukwa dothi lodzazamo limakhala loderapo. Motero ankasiyanitsa maenje atatu: loimikamo mwala, lokwiriramo, ndi lootcheramo lomwe limakhala ndi makala ndi tizibenthu topsa. Akapeza mwala wokwiriridwa ankaudzutsa n'kuubwezera m'dzenje lake lenileni. Akapeza dzenje lokha popanda mwala ankaikapo kachipilala ka konkire. Choncho aNachisale, mukaona tizipilala tatifupi tosongoka, dziwani kuti pamenepo panali mwala umene unaswedwa. Keiller anamaliza mbali ziwiri zakumadzulo zokha. N'chifukwa chake mbali zakum'mawa zili ndi miyala yoima yochepa, ngakhale pansi pake pakadali miyala ina yokwiririka.

Tadala: Ndiye zoti panapezeka mafupa a munthu pansi pa mwala n'zoona?

Bambo Kamanga: N'zoona, mu 1938, mbali yakumwera chakumadzulo. Anali mwamuna, ndipo pambali pake panali sizasi, kachitsulo konga kopimira mabala, ndi ndalama zitatu zasiliva za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Chifukwa cha zidazo anati anali wometa amene ankachitanso za udokotala, ndipo mwalawo mpaka lero umatchedwa Barber Stone. Kwa zaka zambiri ankati mwala unamugwera akuthandiza kuukwirira. Mafupawo ankaganiziridwa kuti anawonongeka ndi mabomba ku London pa nkhondo yachiwiri, koma anapezekanso ku Natural History Museum, ndipo atawaunikanso ena anati mwina munthuyo anali atafa kale n'kungoikidwa pamenepo. Chimene sichikayikitsa ndi ndalamazo: zimatipatsa nthawi imene kukwirira miyala kunkachitika.

Mayi Nyirenda: Ine ndikufuna tisamutame kwambiri Keiller. Pofuna kuti bwalo lioneke loyera anagwetsa nyumba ndi makola zimene zinali m'kati, anadula mitengo, ndipo National Trust itagula malowa kwa iye mu 1943 inapitiriza kugwetsa nyumba zina. Mabanja anasamukira ku Avebury Trusloe, kutsidya kwa kamtsinje. Nyumba za zaka mazana awiri kapena atatu zinali mbiri nazonso. Anasankha mbiri imodzi n'kufafaniza inzake. Lero parishi yonse ili ndi anthu pafupifupi 500 basi.

Bambo Kamanga: Sindikukana mayi. Koma onaninso mmene zinalili iye asanabwere: miyala yoima inali yowerengeka, m'ngalande munkatayidwa zinyalala, ndipo kale mu 1871 panali poti pamangidwe nyumba zina m'kati mwa bwalo mpaka Sir John Lubbock anagula malowo kuti aletse. Lubbock yemweyo ndi amene analimbikira lamulo loyamba loteteza malo akale la 1882, ndipo atapatsidwa ulemu wa ubwana anasankha dzina loti Lord Avebury.

Mayi Nyirenda: Lubbock anagula kuti aletse kumanga. Keiller anagula n'kuchotsa anthu amene analipo kale. Si chinthu chimodzi bambo. Ndipo masiku ano palibe katswiri amene angaloledwe kuthira konkire pansi pa mwala wotere.

Jere mmisiri: Pa konkire mayi akunena zoona. Koma ndikupempheni kuti mukafika musangoyang'ana m'munda, mukayang'anenso makoma a nyumba za mu High Street, msewu waukulu wa m'mudzi, ndi kutchalitchi chaching'ono chija. Zibenthu zotuwa, zina zofiirira chifukwa chopsa ndi moto, ndiyo miyala ya m'bwalo imene bambo Kamanga akunena. Bwalo silinapite kutali, lili m'makoma.

Ndipo amene anamangira sarsen anadzipalira vuto. Mwalawu sumwa madzi ngakhale pang'ono, komanso ndi wozizira. M'nyengo yozizira nthunzi ya m'nyumba, ya kuphika ndi kupuma, ikagunda khoma imasanduka madontho, khoma limachita thukuta. N'chifukwa chake nyumba zambiri zakale kumeneko zimasakaniza: sarsen pansi pomwe pamafika chinyezi cha m'nthaka, njerwa m'makona ndi m'mphepete mwa mawindo poti sarsen savomera kusemedwa mowongoka, ndipo zina choko kumtunda kwa khoma.

Kukonza makoma otere kuli ndi lamulo limodzi limene amisiri ozolowera nyumba zatsopano amaliphwanya: simenti ayi, laimu. Chifukwa chake n'chakuti khoma lakale lilibe pulasitiki yotchinga chinyezi pansi, limadalira kuti madzi alowe n'kutulukanso kudzera m'mizere ya matope. Laimu ndi wofewa ndipo amapuma. Simenti imatseka, madzi amasowa potulukira n'kulowa m'njerwa kapena m'choko, chisanu chikabwera madziwo amaundana n'kufufuma, nkhope ya njerwa n'kugamphuka. Pakatha zaka zochepa umapeza mizere ya simenti ili njo, njerwa zitadyeka.

Kachitidwe kake: kokotani matope akale ndi chida cha m'manja, osati chopukusira chamagetsi chifukwa chimadya m'mphepete mwa njerwa. Kuya kwake kukhale kawiri kukula kwa mzerewo. Tsukani fumbi, nyowetsani khoma. Sakanizani muyezo umodzi wa laimu ndi miyezo itatu ya mchenga wokhakhala, madzi ochepa kuti asakhale phala. Kanikizani m'mzere mwamphamvu, ngati ndi pakuya muike kawiri kapena katatu, wina akayamba kugwira. Akafika poti chala sichikulowa koma chikhadabo chikulemba, gogodani ndi bulashi yolimba kuti atsekeke bwino. Kenako phimbani ndi ziguduli zonyowa masiku angapo. Zolakwika zimakhala ziwiri: kuuma msanga ndi dzuwa kapena mphepo, pamenepo amang'aluka n'kusanduka fumbi, ndi kugwira ntchito kukuzizira pansi pa madigiri 5, pamenepo chisanu chimamuphulitsa asanakhwime.

Nachisale: Zikomo bambo Jere. Pazithunzi ndikuona nyumba zofolera ndi udzu, mpaka bala yomwe. Ndimadabwa kuti ku England anthu olemera akukhala m'nyumba za udzu pamene kwathu aliyense akuthamangira malata.

Jere mmisiri: Kumeneko denga la udzu ndi lodula kuposa la matailosi mayi. Kusiyana ndi kufolera kwa kwathu kumene timabwereza chaka ndi chaka kuli pa zinthu zitatu: kupendekeka, kuchindikala, ndi kamangidwe. Denga liyenera kutsetsereka madigiri osachepera 45, kuti dontho lidumphe kuchoka pa phesi kupita pa linzake osalowa m'kati. Kuchindikala kwake ndi masentimita pafupifupi 30, koma amene amanyowa ndi apamwamba ochepa okha. Mitolo imayalidwa kuyambira m'munsi kukwera, uliwonse kuphimba pomangira pa unzake, ndipo amakhoma ndi timitengo ta hazel tong'ambidwa n'kupindidwa ngati chipanda.

Ku Wiltshire mwambo ndi mapesi a tirigu. Mapesi opunthidwa wamba amakhala zaka 15 mpaka 25, opesedwa bwino amatha kufika 30 kapena kupitirirapo, bango la m'madzi limaposa pamenepo. Koma msana wa denga umatha msanga, zaka 10 mpaka 15, ndipo ukachedwa kuukonza madzi amalowera pamwamba n'kuwoletsa zonse. Adani ake ndi mitengo yochita mthunzi imene imaletsa denga kuuma, ndere, mbalame ndi makoswe. N'chifukwa chake mukaona waya wa nkhuku atakuta denga lonse. Mdani wamkulu ndi moto wochokera ku chumuni, makamaka pamene aika mbaula yankhuni yamakono m'chumuni chakale. Chumuni chimayenera kutalika mamita 1.8 pamwamba pa udzu ndi kusesedwa kawirikawiri.

Chinanso, nyumba zambiri za m'mudziwu zili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa. Mwini wake sangasinthe mawindo, kugwetsa khoma la m'kati, ngakhale kusintha mtundu wa udzu kuchoka pa tirigu kupita pa bango, popanda chilolezo cha Wiltshire Council. Kupempha chilolezocho n'kwaulere, koma kugwira ntchito popanda icho ndi mlandu, ndipo mmisiri amene wagwira ntchitoyo amatha kuimbidwa mlandu limodzi ndi mwini nyumba. Abale athu amene akugwira maganyu a zomangamanga kumidzi ya ku England adziwe zimenezi.

Abusa Mbewe: Poti ndi gulu la kutchalitchi, musadumphe tchalitchi cha St James. Chili kunja pang'ono kwa mtumbira, chakumadzulo. Mbali yapakati ndi ya nthawi ya Anglo-Saxon, cha m'ma 1000, a Norman ochokera ku France asanalande dziko mu 1066. Mukalowa yang'anani m'mwamba pakhoma, muona timawindo tozungulira ting'onoting'ono ta nthawi imeneyo. Pafupi ndi khomo pali beseni lamwala la ubatizo lokhala ngati mtondo, lojambulidwa m'zaka za m'ma 1100: munthu wovala ngati bishopu atagwira ndodo, zinjoka ziwiri zili kumapazi kwake.

Chosowa kwambiri ndi khonde lamatabwa la m'zaka za m'ma 1400 limene lili pamwamba pa polowera kuguwa. Pakhonde lotere ndi pamene pankaima mtanda waukulu. Pa nthawi imene tchalitchi cha ku England chinkasiyana ndi Roma, m'zaka za m'ma 1500, analamula kuti makonde otere agwetsedwe, ndipo m'matchalitchi ambiri anathera pamoto. A ku Avebury anaphwasula lawo n'kulibisa kuseri kwa pulasitala, mpaka linapezekanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Onaninso mabowo opendekeka obooledwa m'khoma m'mbali mwa guwa: anali oti okhala m'mphepete aziona wansembe.

Tchalitchi chaching'ono cha m'kati mwa bwalo chili ndi mbiri ina. Lamulo la 1665 linaletsa abusa amene anakana kutsata Church of England kukhala kapena kuphunzitsa pa mtunda wosakwana mamailosi 5 kuchokera ku tawuni. Avebury ili kunja kwa malire amenewo kuchokera ku Marlborough, Calne ndi Devizes, ndiye mpingo wawo unakhazikika kumeneko mu 1670. Makoma ake ndi a sarsen.

Anaphiri: Pafupi ndi St James pomwepo ndi pamene pali Avebury Manor, nyumba ya m'zaka za m'ma 1500 yomangidwa pamalo pamene panali amonke kuyambira m'ma 1100. Keiller ankakhala m'menemo. Pabwalo lomwelo pali khola lozungulira la nkhunda, chinyumba chachikulu chofolera ndi udzu chimene ankapunthiramo tirigu, ndi nyumba yosungiramo zakale imene Keiller anatsegula mu 1938 m'khola la akavalo. Zimbudzi ndi malo a tiyi zili pomwepo. Malowa ali m'munsi pafupi ndi kamtsinje ndipo amasefukira mvula ikachuluka, ndiye onani pa webusaiti ya National Trust ngati nyumbayo ili yotsegula tsiku lanulo.

Tadala: Nanga chiphiri chija chooneka ngati chulu chachikulu m'mbali mwa msewu wa A4?

Bambo Kamanga: Silbury Hill. Si phiri lachilengedwe, anaunjika ndi manja cha m'ma 2400 BC. Kutalika kwake ndi mamita oposa 30, kukula kwa pansi mamita oposa 160, ndipo ku Ulaya kulibe chulu china chomangidwa ndi anthu a nthawi imeneyo choposa ichi. Nthano inkati munaikidwa mfumu Sil pamodzi ndi kavalo wagolide, ndipo nthano imeneyo ndi imene inatsala pang'ono kuligwetsa. Mu 1776 anakumba dzenje ngati chitsime kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mu 1849 anaboola una kuchokera m'mbali. Kuyambira 1968 mpaka 1970 katswiri wofukula zakale Richard Atkinson anaboolanso wina, BBC ikuonetsa pa TV. Manda sanapezeke, golide sanapezeke. Chimene anapeza pakati ndi udzu ndi tizilombo zosungika bwino chifukwa mulibe mpweya, komanso umboni woti chuluchi chinakula pang'onopang'ono, kuyambira pa kamulu kakang'ono ka miyala ndi dothi.

Vuto n'lakuti maenjewo sanakwiriridwe bwino. Dzenje la 1776 linangotsekedwa pamwamba, m'kati muli mphako. Mu Meyi 2000, itagwa mvula yambiri, pamwamba panatitimira n'kusiya chidzenje. Anayamba atseka ndi zinthu zopepuka kuti asawonjezere kulemera, ndipo mu 2007 ndi 2008 English Heritage inatsegulanso una wa Atkinson, kuchotsa zimene zikanatheka, n'kudzaza mphako zonse ndi choko, china chouma china chosungunula chopopera ndi mapampu. Anagwiritsa ntchito choko chifukwa ndi chimene chuluchi chinamangidwira, kuti madzi aziyenda mofanana paliponse. N'chifukwa chake kukwera n'koletsedwa. Mapazi amapanga kanjira, mvula imatsata kanjirako, ndipo choko chikangovundukuka chimakokoloka msanga. Pali malo oimikapo magalimoto ndi poonera m'mbali mwa A4.

Kutsidya kwa msewu womwewo, pamwamba pa chitunda, pali West Kennet Long Barrow, manda akale kuposa zonsezi, a cha m'ma 3650 BC. Ndi mtumbira wa mamita 100 m'litali, ndipo kumapeto kwake kwakum'mawa kuli zipinda zisanu zamiyala zimene munthu amalowamo ataimirira. Stuart Piggott ndi Atkinson anafukula mu 1955 ndi 1956 n'kupeza mafupa a anthu oposa 30, akulu ndi ana. Ndi manda, choncho gulu lilowe mwaulemu, ochepa ochepa. Makandulo ndi zofukiza ayi: mwaye umadetsa miyala ndipo kutentha kumaing'alula, monga mmene anthu a m'ma 1700 ankachitira dala.

Mayi Nyirenda: Zonsezi pamodzi ndi Stonehenge zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1986, chaka chomwe Great Zimbabwe inalowanso. Chongoni ya ku Dedza inalowa mu 2006. Lamulo losakhudza zojambula za ku Chongoni lili ndi chifukwa chofanana ndi loletsa kukwera miyala ya ku Avebury. Kuigwira ndi dzanja n'kololedwa, koma nsapato zimasupula ndere zimene zatenga zaka zambirimbiri kuti zimere. Kufufuza ndi makina osakira zitsulo pamalo otetezedwa otere popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la 1979, ndipo ngakhale kathumba ka dothi musatenge.

Nachisale: Ndiye tsiku limodzi tingaligawe bwanji? Tili ndi agogo atatu oyenda ndi ndodo.

Anaphiri: Gawani gulu pawiri achemwali. Nonse yambirani limodzi mbali yakumwera chakumadzulo, kumene kuli Barber Stone, chifukwa ndi kumene miyala ili yambiri ndipo pansi ndi pathyathyathya. Ola limodzi likwana. Kenako agogo apite ku St James, kunyumba yosungiramo zakale ndi kukamwa tiyi, zonse zili pafupipafupi. Asakwere pamtumbira: choko chikanyowa chimaterera ngati sopo, ndipo potsika ndi pamene anthu amagwa.

Amphamvu atuluke pachipata chakumwera n'kutsata West Kennet Avenue, mizere iwiri ya miyala imene kale inkafika ku bwalo lina lakale lotchedwa Sanctuary pa chitunda cha Overton Hill, mtunda wa makilomita pafupifupi 2.5. Mbali yoyandikira mudzi ndi imene Keiller anadzutsa. Kuzungulira konse, kudzera ku Sanctuary, West Kennet Long Barrow, Silbury n'kubwerera m'mphepete mwa mtsinje wa Kennet, ndi makilomita pafupifupi 10, maola anayi ngati mukuima kuona zinthu. Ofuna chidule achoke pamalo oimikapo magalimoto n'kutsata kanjira ka m'mbali mwa mtsinje kupita ku Silbury ndi kumanda, n'kubwerera momwemo.

Zosamala: msewu wa A4361 umadutsa pakati pa bwalo ndipo uli ndi ngodya yokhota pafupi ndi Red Lion, kuwoloka kuchoka mbali ina kupita ina muzidutsira pa tizipata toikidwa, ana agwidwe dzanja. A4 ndi woopsa kuposa pamenepo poti magalimoto amathamanga. M'minda muli nkhosa, ndiye tsekani chipata chilichonse ndipo galu akhale pachingwe. M'udzu wautali mumakhala nkhupakupa zimene zimafalitsa matenda a Lyme, valani mathalauza kapena masokosi aatali n'kudzifufuza madzulo. Nsapato zikhale zotseka, zamapazi okhakhala.

Abusa Mbewe: Pewaninso masiku ozungulira 21 Juni. Pamabwera khamu la anthu ochita miyambo yawo ya kutuluka kwa dzuwa, malo oimika magalimoto amadzaza ndipo apolisi amaletsa kuima m'misewu ina.

Jere mmisiri: Ndipo kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kanjira ka m'mbali mwa Kennet kamakhala matope okhaokha. Kumtunda kwake mtsinjewu umauma m'chilimwe n'kudzuka m'nyengo yozizira madzi a pansi pa choko akakwera, ndipo nthawi zina Silbury amazunguliridwa ndi madzi ngati chilumba. M'Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko.

Nachisale: Ndiye tiika Loweruka la m'Meyi. Funso lomaliza: minibasi ya anthu 16 ingaime pamalo omwewo a magalimoto?

Anaphiri: Iwuzeni National Trust ya ku Avebury pasadakhale kuti mukubwera ngati gulu ndipo mutchule kukula kwa galimotoyo, akuuzani poimika. Dalaivala asayese kulowa nayo mu High Street, msewuwo umathera pakanjira ka oyenda pansi ndipo potembenukira ndi pothina. Kuchoka poimika magalimoto kufika pamiyala yoyamba ndi mphindi 5 mpaka 10 pa kanjira kosalala, agogo adzafika bwinobwino.